Zitini zisanu za mvula

Tiwerenge pamodzi

Mvula yagwa usiku.
Yagwa pa denga. Yagwa pa bwalo. Yagwa m'munda.
Amayi akuti, "Yagwa yambiri."
Abambo akuti, "Ayi, yangonyowetsa fumbi."
Agogo akuti, "Ine ndinali mtulo."
Nanga ife tikhulupirire yani?
Tiyeni tifunse citini.
Koma citini cimodzi cinganame.
Tiyeni tifunse zitini zisanu.

Ana inu, werengani mizere iyi kawiri ndi aphunzitsi. Zotsatirazi akuwerengereni amayi, abambo kapena akulu anu madzulo kunyumba. Makolo, musathamange. Werengani pang'ono lero, pang'ono mawa. Pamene pali nambala zovuta, mwana angomvera, inu muzimvetse.

Zimene tinacita pa sukulu yathu

Mwezi wa Novembala, mvula itayandikira, ine ndi ana a kalasi yoyamba tinatola zitini zisanu. Tinasankha zitini zowongoka, zimene pakamwa ndi pansi n'pofanana kukula. Citini cotere ndico cabwino, cifukwa kuya kwa madzi a m'kati mwake ndiko kuya kwa mvula imene yagwa. Madzi akafika milimita imodzi, ndiye kuti pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pagwa lita imodzi ya madzi. Cipangizo ceniceni copimira mvula pa Cipwitikizi amati pluviómetro. Ife tinalibe. Tinali ndi zitini zathu basi.

Ndinagawa ana m'magulu asanu. Gulu loyamba linaika citini pakati pa bwalo. Laciwiri linaika kuseri kwa kalasi, patali ndi denga. Lacitatu linaika m'dimba la sukulu. Lacinayi linaika pafupi ndi njira ya kumadzi. Gulu lacisanu linali ndi mnyamata wina wacifundo. Iye anati citini cawo cikhale pansi pa mtengo wa mango, kuti cisapse ndi dzuwa. Ndinadziwa kuti akulakwa, koma ndinamusiya.

Patapita masiku atatu mvula inagwa usiku wonse. M'mawa gulu lililonse linatenga kamtengo kouma. Linaviika kamtengo m'citini mpaka pansi, n'kukathyola pamene panalekezera madzi. Tinabwera ndi timitengo tisanu m'kalasi. Tinatiyala pa tebulo, kuyambira kakafupi mpaka kakatali. Ine ndinapima ndi lula, ndipo ndinalemba pa bolodi:

6, 18, 19, 20, 21

Ana anayamba kukangana. Gulu lililonse linkati citini cake ndico coona. Mtsikana wina anafunsa, "Aphunzitsi, mvula inali imodzi. Bwanji nambala zili zisanu?"

Funso limeneli ndilo phunziro lathu lonse.

Tinatuluka kukaona zitini zija. Ca kuseri kwa kalasi cinali copendekeka pang'ono. Ca m'dimba cinali ndi dothi, cifukwa madontho ankamenya pansi n'kudumphira m'kati. Pafupi ndi ca kunjira panali mapazi a nkhuku, mwina inamwako. Mwana wina anavomera kuti kamtengo kake kanathyoka pamwamba pang'ono pa cizindikiro. Zonsezi n'zolakwika zazing'ono. Cina cimawonjezera madzi, cina cimacepetsa. Koma ca pansi pa mango cinalakwa kwambiri. Masamba ndiwo anagwira mvula, citini cinangolandira zotsala.

Ndiye ndinauza ana kuti, "Cotsani kamtengo kakafupi ndi kakatali." Anacotsa. Panatsala titatu. "Cotsaninso kakafupi ndi kakatali." Panatsala kamodzi, ka 19. Kameneka ndiko kanali pakati. Tinalemba m'kope kuti mvula ya usiku umenewo inali mamilimita 19.

Kodi 19 ndiyo nambala yeniyeni? Palibe angalumbire. Mwina mvula inali 20. Koma tinali pafupi kwambiri kuposa munthu amene akanafunsa citini cimodzi cokha. Tangoganizani akanafunsa ca pansi pa mango!

Makolo amene munaphunzira kugawa, pali njira inanso. Muphatikiza nambala zonse n'kugawa ndi 5. Zonse pamodzi ndi 84. Mukagawa mupeza pafupifupi 17. Mwaona kodi? Citini ca pa mango cakokera yankho pansi. Njira yogawa ndi yabwino pamene zopima zonse zalakwa pang'onopang'ono. Koma pakakhala cimodzi cosokonekera, kusankha ca pakati kumathandiza koposa. Kwa ana aang'ono ine ndimakonda timitengo, cifukwa mwana amaona yankho ndi maso ake.

Phokoso

Tsiku lina kunali mphepo yamphamvu. Tinacita masewera pa bwalo. Mwana mmodzi anaima ku goli ili, wina ku goli ilo. Ndinanong'oneza woyamba mawu amodzi kuti afuule: "mbuzi" kapena "mudzi". Wa kutsidya nthawi zina ankamva bwino, nthawi zina ankaphonya. Mphepo inkadya mawu panjira. Kenako ndinati afuule katatu. Wa kutsidya akamva "mbuzi, mudzi, mbuzi", anene mawu amene wamva kawiri. Kuphonya kunacepa kwambiri.

Akatswiri ali ndi dzina la cinthu ciliconse cimene cimasokoneza uthenga panjira. Amaciti phokoso, ngakhale cisamveke m'khutu. Mphepo ya pa bwalo ndi phokoso. Kukhwekhwereza kwa wailesi pamene kuli ziphaliwali ndi phokoso. Nkhuku yomwa m'citini nayonso ndi phokoso, cifukwa mvula inatumiza uthenga m'citini, nkhuku n'kuusintha.

Munthu amene anaika nkhani imeneyi m'masamu ndi Claude Shannon wa ku America. Anabadwa mu 1916, anamwalira mu 2001. Ankagwira nchito ku Bell Labs, malo ofufuza za lamya. Mu 1948 anaonetsa kuti uthenga ungawerengedwe monga timawerengera cimanga pa tini. Kacidutswa kakang'ono ka uthenga ndi yankho la funso la "inde" kapena "ayi". Kameneka amakacha bit. Anaonetsanso kuti uthenga ungadutse m'phokoso osawonongeka, ngati wotumiza awonjezera zina zothandiza wolandira kukonza zolakwika.

Kubwereza katatu ndiyo njira yapafupi yowonjezera. Tiyeni tione mphamvu yake. Tinene kuti mwana wa kutsidya amaphonya kamodzi pa maulendo 10. Pa maulendo 1000 aphonya 100. Koma akamva katatu n'kutsata mawu amene amveka kambiri, aphonya maulendo 28 okha pa 1000. Phindu n'lalikulu. Mtengo wake uliponso: wofuula watopa katatu, ndipo nthawi yapita katatu. Shannon anaonetsa kuti pali njira zina zanzeru zoposa kubwereza, komanso kuti njira iliyonse yodutsitsira uthenga ili ndi malire ake, monga mlatho uli ndi katundu amene ungasenze. Foni ya m'manja imene abambo amakwera nayo pa culu kufuna netiweki imagwira nchito ndi nzeru zimenezi.

Tsiku limene zitini zinagwirizana

Mvula yaciwiri itagwa, ndinali ndi nchito ku ofesi ya sukulu. Ndinapatsa ana lula kuti apime okha, mothandizidwa ndi mwana wa kalasi yacitatu. Nditabwera ndinapeza pa bolodi palembedwa:

12, 12, 12, 12, 12

Poyamba ndinakondwa. Ndinati ana anga aphunzira msanga. Koma nditakhala pansi mtima unakana. Citini ca pa mango cinali cikadali pa mango. Cingafanane bwanji ndi ca pakati pa bwalo?

Ndinafunsa mofatsa. Ana anayang'anana. Kenako mmodzi anaulula. Kunja kunali matope, ndipo anaopa kudetsa zovala. Gulu limodzi lokha ndilo linapita kukapima. Mtsikana wa gulu limenelo amakhoza masamu, tsono ena onse anangolemba nambala yake.

Sindinawakalipire. Ndinawafunsa, "Pa bolodi pali nambala zingati?" Anati, "Zisanu." "Nanga zitini zimene mwafunsa ndi zingati?" Anati, "Cimodzi." Ndinafufuta ma 12 anayi, n'kusiya mmodzi.

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale akuluakulu, timagwa. Nkhani ikamveka kwa anthu asanu timati ndi yoona. Sitifunsa kuti asanuwo anaimva kuti. Ngati onse anaimva kwa munthu mmodzi pa cigayo, mboni ndi imodzi, pakamwa ndi pamene pali pasanu. Nambala yokopa sionjezera uthenga ngakhale pang'ono. Zopima zambiri zimathandiza cifukwa ciliconse cimalakwa mwa njira yakeyake, cina m'mwamba, cina pansi, ndipo zolakwazo zimadyana. Zikakopana, zimalakwira mbali imodzi zonse.

Tsiku lomwelo ndinapezanso cinthu cina, ndipo wolakwa ndinali ine. Tengani lula, muyang'ane kumapeto kwake. Pa malula ambiri nambala 0 siyambira kunsonga kwenikweni. Pamakhala kampata ka mamilimita angapo kopanda zizindikiro. Mwana wa kalasi yacitatu uja sanagwiritse nchito kamtengo. Anaviika lula yeniyeniyo m'madzi, n'kuwerenga pamene madzi analekezera. Kampata kaja sanakawerenge, cifukwa sindinamuuze. Ngakhale akanapita ku zitini zonse zisanu, zonse zikanacepa mofanana. Ngakhale zitini zikanakhala 50. Copimira cikakhala ndi cilema, kubwereza sikuciritsa cilemaco. Mankhwala ake ndi kubweretsa copimira ca mtundu wina, n'kufananitsa.

Amayi amadziwa zimenezi pogulitsa nyemba. Sikelo ya wogula ikakhala yobera, mungapime thumba kakhumi, idzakuberani kakhumi. N'cifukwa cake mayi wanzeru amayamba wapima ndi tini yake kunyumba.

Ng'ombe ya ku Plymouth

Pali nkhani yoona imene alimi a ng'ombe angaikonde. Mu 1906, ku tauni ya Plymouth ku England, kunali cionetsero ca ziweto. Anaimika ng'ombe yonenepa pa bwalo. Munthu aliyense ankagula kapepala, n'kulembapo kulemera kwa nyama ya ng'ombeyo ikaphedwa ndi kusendedwa. Woyandikira kwambiri ankalandira mphoto. Ena anali opha nyama, ena alimi, ena sankadziwa kanthu za ng'ombe.

Mkulu wina wa masamu, Francis Galton, anatenga mapepalawo mpikisano utatha. Owerengeka bwino anali 787. Anawayala monga ife tinayalira timitengo, kuyambira nambala yaing'ono mpaka yaikulu, n'kutenga ya pakati. Inali mapaundi 1207. Nyama itapimidwa pa sikelo inali mapaundi 1198, amene ndi makilo 543. Kusiyana kunali mapaundi 9, ngati makilo 4 okha. Anthu ambiri paokhapaokha anaphonya patali, koma nambala ya pakati inagwera pafupi.

Onani cinsinsi cake. Aliyense analemba pa kapepala kake, ndipo aliyense ankafuna mphoto yakeyake. Akanaimirira munthu mmodzi wochuka n'kufuula nambala yake poyamba, ambiri akanamutsata, ndipo zikanafanana ndi ma 12 a pa bolodi yanga.

Masamu amatiuzanso kuti phindu la kucurukitsa zopima limakula pang'onopang'ono. Ngati zopima zili zabwino mofanana ndipo sizikopana, zinayi zimadula colakwa pakati. Kuti cicepe katatu pafunika 9. Kuti cicepe kakhumi pafunika 100. Cotero kucoka pa citini cimodzi kufika pa zinayi ndi phindu lalikulu, koma kucoka pa 50 kufika pa 54 palibe cimene mungaone. Ana anga atamva za ng'ombe anafuna kudzaza bwalo lonse ndi zitini. Ndinawauza kuti zitini 100 pa bwalo la sukulu zidzatiuza bwino kwambiri za bwalo la sukulu, koma za munda wa agogo kuseri kwa phiri sizidzanena kanthu. Mvula ya kuno imagwa mosankha. Inu nomwe mwaionapo ikugwa tsidya lina la mtsinje, tsidya lino kuli dzuwa. Boma lathu la Marávia ndi lalikulu. Mvula ya ku Fingoè si mvula ya ku Chiputo, ndipo ya ku Malowera si ya ku Chipera. Tikakhala ndi zitini zocepa, n'kwabwino kuzimwaza kusiyana ndi kuziunjika.

Zitini zazikulu za mtsinje wa Zambezi

Zimene ife timacita ndi zitini, akuluakulu amazicita ndi mtsinje wonse. Kum'mwera kwa Marávia kuli nyanja ya Cahora Bassa. Agogo ena amakumbukira pamene kunalibe nyanjayi. Khoma lake lili pafupi ndi Songo, ndi lalitali mamita 171, ndipo linatseka mtsinje mu Disembala 1974. Kampani yoyang'anira khomali ndi Hidroeléctrica de Cahora Bassa, imene timangoti HCB.

Madzi a m'nyanjayi sacokera kwathu kokha. Zambezi amayambira kumpoto cakumadzulo kwa Zambia, amadutsa ku Angola, n'kubwereranso ku Zambia. Amadutsa pa khoma lina, la Kariba. Amalandira mtsinje wa Kafue. Pofika ku Zumbo amalandira Luangwa, mtsinje wopanda khoma lalikulu, umene ungadzaze mwadzidzidzi. Mvula ingagwe kutali kumene sitinafikeko, kuno kuli ng'amba, koma patapita masiku madzi ake n'kufika pa khoma.

Anthu a ku Songo ali ndi funso lovuta caka ndi caka: atsegule zitseko za khoma kapena ayi? Akasunga madzi ambiri, cigumula cikabwera adzakakamizika kutsegula mwadzidzidzi. Kumunsi kuli anthu: mzinda wa Tete, Mutarara, Caia, Marromeu. Madzi osefukira a mu 1978, 2001, 2007 ndi 2008 anacotsa mabanja ambiri m'nyumba zawo ku cigwa ca Zambezi. Koma akataya madzi ambiri msanga, mvula n'kudula, magetsi adzacepa. Cilala ca 2023 ndi 2024 cinatsitsa nyanjayi kwambiri, asodzi athu anaona okha miyala imene sinkaoneka.

Funso lotere silingayankhidwe ndi copimira cimodzi. M'mphepete mwa mitsinje muli matabwa kapena zitsulo zolembedwa nambala, zonga lula yaikulu yoimirira m'madzi. Munthu wa m'mudzi wapafupi amapita kukawerenga pamene madzi afika, n'kutumiza nambala pa foni. Malo ena ali ndi makina amene amatumiza okha. Nchito ya mitsinje ya kuno ili m'manja mwa bungwe la ARA-Centro, limene linatenga nchito ya ARA-Zambeze. Za mvula ndi mphepo amaona a INAM. Nambala zina zimacokera ku Zambia ndi ku Zimbabwe, cifukwa mtsinje sudziwa malire.

Zopima zimenezi nazo zili ndi phokoso lake. Mafunde amagwedeza madzi pa thabwa. Zinyalala zimakola pa makina. Wowerenga angadwale, kapena angalembe 7 wooneka ngati 1. Netiweki ingasowe pa tsiku lomwe ikufunika. Pa nthawi ya nkhondo, imene inatha mu 1992, malo ambiri opimira anasiyidwa, ndipo m'mabuku a zaka zimenezo muli mipata. Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti nambala ina ndi ya "pansi pa mango"? Amaifananitsa ndi zinzake. Madzi sauluka. Akakwera ku malo a kumtunda lero, ayenera kukwera ku malo a kumunsi pambuyo pake. Malo amodzi akanena kuti mtsinje wakwera kwambiri, koma a kumtunda ndi a kumunsi ali cete ndipo mvula sinagwe, amayamba afunsanso asanaopseze anthu. Koma malo atatu akanena cimodzimodzi, aliyense ndi maso ake, sacedwa. Uthenga umapita kwa a INGD oona za ngozi, ndi ku Rádio Moçambique, mpaka kufika kwa mfumu ndi kwa ife.

Kumwaza zopima n'kofunika pa mtsinje monga pa mvula. Pali mitsinje imene imathira mu Zambezi kumunsi kwa khoma. Capoche amathira mu Luia, Luia n'kuthira mu Zambezi khoma litatsala m'mbuyo. Revúbuè, wocokera ku Angónia, amathira pafupi ndi mzinda wa Tete. Munthu woyang'ana nyanja yokha sangaone madzi a mitsinje imeneyi, ngakhale atapima nyanjayo ka 100 pa tsiku. Mu Malici 2019 Revúbuè anasefukira m'nyumba za anthu. Mu Januwale 2022, pa namondwe wa Ana, anagwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi amenewo sanadutse pa khoma la Songo.

Masiku ano palinso diso lina kumwamba. Ma satelayiti amazungulira kutali pamwamba pa mitambo. Ena amapima kuzizira kwa nsonga za mitambo, cifukwa mtambo wautali wozizira kwambiri ndiwo kawirikawiri umagwetsa mvula. Satelayiti imaona dziko lonse, ngakhale m'nkhalango mopanda munthu, koma siigwira mvula m'manja, imangoyerekeza. Copimira ca pansi cimagwira mvula yeniyeni, koma pa kadontho kamodzi ka dziko. Akatswiri amaphatikiza ziwirizi. Ca pansi cimawongola satelayiti, satelayiti imadzaza mipata. Zimathandizana bwino cifukwa zilema zawo n'zosiyana. Ndipo pophatikiza sapereka mawu ofanana kwa onse. Copimira cimene caonetsa kwa zaka zambiri kuti sicilakwa kawirikawiri cimamvedwa koposa cinzake, monga pa bwalo la milandu mfumu imadziwa mboni ya mtima wokhazikika.

Mbewu ya m'nkhokwe

Mwina abambo akufunsa kuti zonsezi zitithandiza ciyani ife a khasu. Tibwerere ku mizere yoyamba ija. Amayi akuti mvula yagwa yambiri, abambo akuti yangonyowetsa fumbi. Mkangano umenewu si wa masewera. Mbewu ya cimanga m'nyumba ndi imodzi. Mukabzala pa cizimalupsa, poganiza kuti mvula yeniyeni yayamba, mbewu imamera n'kupsa, kapena imaola m'nthaka. Yobzala kaciwiri mudzaitenga kuti? Mukacedwanso kwambiri, cimanga sicikhwima bwino.

Amayi ndi abambo onse angakhale akunena zoona. Amayi anaona madzi ocokera pa denga atadzaza ndowa, koma denga limasonkhanitsa madzi a malo aakulu. Abambo anakumba pa culu pouma. Aliyense anafunsa citini cimodzi.

Agogo athu sankadziwa dzina la Shannon, koma sankakhulupirira cizindikiro cimodzi. Ankayang'ana kumene mphepo ikucokera, masamba atsopano a mitengo, kulira kwa mbalame, kutuluka kwa inswa. Kenako ankapita ndi khasu kukaona pamene cinyontho cafika. Ine ndingowonjezera pang'ono. Musakumbe malo amodzi. Kumbani kumtunda kwa munda, pakati, ndi kumunsi. Funsani mnansi amene wapita yekha kumunda kwake, osati amene wamva kwa mnzake. Mverani wailesi, koma kumbukirani kuti wailesi imanena za cigawo conse, siinaone munda wanu. Funsaninso mwana wanu za citini cake. Zonsezi zikaloza mbali imodzi, tulutsani mbewu. Zikatsutsana, kudikira masiku awiri n'kochipa kusiyana ndi thumba la mbewu.

Citini ca pa mango sitinacitaye. Mnyamata uja anacisamutsa yekha, n'kuciika pa mwala pakati pa bwalo la kwawo. Anacizinga ndi minga cifukwa ca nkhuku.

Mafunso a ana

1. Tinaika zitini zingati?
2. N'cifukwa ciyani citini ca pa mango cinali ndi madzi ocepa?
3. Yalani nambala izi kuyambira yaing'ono: 9, 7, 2, 8, 10. Ya pakati ndi iti?
4. Ana asanu alemba 12, koma wapima ndi mmodzi. Kodi tafunsa zitini zingati?
5. Jambulani citini cili pa malo abwino, ndi cina cili pa malo oipa.

Nchito ya kunyumba

Makolo, thandizani mwana kupeza citini cowongoka. Mupinde m'mphepete mwake kuti cisamuceke. Muciike poyera, patali ndi denga ndi mitengo, pa malo osapendekeka. Mvula ikagwa, mwana aviike kamtengo kouma m'mawa dzuwa lisanatenthe, athyole pa cizindikiro ca madzi, kenako ataye madziwo kuti udzudzu usaswanemo. Asaonetse mnzake kamtengo kake panjira. Abwere nako kusukulu m'thumba la malaya, ndipo tidzayala timitengo ta midzi yonse pa tebulo.